Sitiroko: kodi timaloko ta morphine ta muubongo tingapulumutse wodwala?

NGAUMA – Sitiroko, imene kuchipatala amailemba kuti AVC ndipo ambiri kuno timangoti trombose, ndi matenda osadikira munthu. Dokotala wa ku Los Angeles, Jeffrey Saver, anawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu wa muubongo ukatsekeka, maselo okwana 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse imene wodwala akhala osathandizidwa. Pa ola limodzi amafika pafupifupi 120 miliyoni. Kuchokera ku Massangulo kukafika ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga pali makilomita pafupifupi 90, ndipo wa ku Itepela kapena wa m'midzi ya kumalire ayenera kuyamba wafika kaye pamsewu wa N13.

N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna mankhwala oti azilimbitsa maselo a ubongo kuti apirire mpaka wodwala atafika kumene kuli chithandizo. Amodzi mwa malo amene akhala akufufuzapo kwa zaka zoposa 40 ndi timaloko tating'onoting'ono ta pa maselo, timene mankhwala opha ululu monga morphine amagwirapo. M'nkhani ino tikufotokoza chimene timaloko timeneti tili, zimene zapezeka, chifukwa chake mankhwala otere sanafikebe m'zipatala, ndi zimene banja lingachite lero.

Chimachitika n'chiyani muubongo

Ubongo ndi wopepuka. Pa makilogalamu 100 alionse a thupi, ubongo umangotenga awiri okha, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wa okosijeni umene thupi lonse limagwiritsa ntchito. Ulibe nkhokwe. Okosijeni ndi shuga zimene ukufuna mphindi ino ziyenera kubwera ndi magazi mphindi yomwe ino.

Sitiroko ili mitundu iwiri. Woyamba ndi pamene magazi oundana atseka mtsempha, mbali ina ya ubongo n'kusowa magazi. Wachiwiri ndi pamene mtsempha waphulika, magazi n'kukhuthukira muubongo. Kunja zizindikiro zake zimafanana, moti ngakhale dokotala wodziwa ntchito sangasiyanitse motsimikiza popanda makina ojambula m'mutu a CT, amene kuno amawatchula kuti TAC ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Amene amalima kudimba amvetsa msanga zimene zimatsatira. Ngalande ikatsekeka, mbewu zimene zimadalira ngalande yokhayo zimauma msanga. Koma za m'mphepete, zimene zikulandirako chinyezi kuchokera ku ngalande yoyandikana nayo, zimangofota. Madzi akabwerera nthawi yake zimatsitsimuka, akachedwa nazonso zimauma. Muubongo zili chimodzimodzi. Pakati penipeni maselo amafa pa mphindi zochepa, koma kuzungulira pamenepo pali dera limene maselo asiya kugwira ntchito asanafe. Madokotala amalitcha penumbra, dzina limene linatchuka mu 1981. Nkhondo yonse ya chithandizo cha sitiroko ndi yolimbirana dera limeneli.

Maselo a m'derali safa ndi njala yokha. Selo lililonse lili ndi timapampu totulutsa mchere wa sodium ndi kulowetsa wa potassium. Mphamvu ikatha timapamputo timaima, sodium ndi madzi zimalowa, selo n'kutupa. Pamenepo maselo amataya glutamate wambiri. Masiku onse glutamate ndi mthenga wabwino amene maselo amatumizirana naye uthenga, koma akachuluka amatakasa maselo oyandikana nawo mopyola muyezo, calcium n'kulowa wambiri ndi kuwawononga kuchokera m'kati. Pa masiku otsatira, maselo achitetezo a muubongo otchedwa microglia amadzetsa kutupa kumene kumawonjezera bala. Mankhwala oteteza ubongo amene akufunidwawo ndi oti adule mndandanda umenewu penapake.

Timaloko ndi makiyi ake

Anthu akhala akugwiritsa ntchito utomoni wa duwa la popi, wotchedwa opium, popha ululu kwa zaka masauzande. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, wosakaniza mankhwala wa ku Germany, Friedrich Sertürner, anapatula morphine mu utomoni umenewu. Koma panapita zaka zoposa 150 anthu asanadziwe pamene mankhwalawa amagwira m'thupi.

Yankho linabwera mu 1973. Candace Pert ndi Solomon Snyder a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America, komanso Eric Simon ku New York ndi Lars Terenius ku Sweden, anaonetsa kuti pa maselo a ubongo pali malo apadera pamene morphine amakakamira. Malo amenewa ndi amene amatchedwa ma opioid receptor. Tingawayerekeze ndi loko wa pachitseko: kiyi woyenera akalowa ndi kutembenuka, m'kati mwa selo mumachitika kanthu.

Funso linali lakuti, ubongo wa munthu ukhala bwanji ndi loko wa kiyi womera kumunda? Mu 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen ku Scotland anapeza kuti thupi limapanga makiyi akeake. Oyambawo anawatcha enkephalin, ndipo pambuyo pake kunapezeka endorphin ndi dynorphin. Thupi limawatulutsa munthu akavulala kapena akakhala pa mavuto aakulu. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene munthu wodzitema ndi khasu nthawi zina amamva ululu weniweni patapita kanthawi.

Timaloko todziwika bwino tilipo titatu, ndipo tili ndi maina a zilembo za Chigiriki. Loko wa mu ndi amene morphine, heroin ndi codeine amatsekula kwambiri. Amapha ululu, koma ndi yemweyo amene amagonetsa munthu, kuchepetsa kupuma ndi kuyambitsa chibaba. Loko wa kappa amaphanso ululu, koma akatsekulidwa munthu amasokonezeka maganizo ndi kukodza kwambiri. Loko wa delta ndi amene akatswiri a sitiroko amuika maso. Palinso mankhwala ena, monga naloxone, amene ali ngati kiyi wolowa m'loko koma osatembenuka. Amangotseka bowo kuti kiyi wina asalowe, ndipo n'chifukwa chake amatsitsimutsa munthu amene wamwa morphine kapena heroin wopyola muyezo.

Ulendo woyamba: kutseka timaloko

Poyamba akatswiri anaganiza zotseka. Mu 1981 madokotala awiri a ku San Francisco, David Baskin ndi Yoshio Hosobuchi, analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti odwala awiri amene ubongo wawo unasowa magazi anayambanso kugwedeza ziwalo kwa kanthawi atabayidwa naloxone. Nkhaniyi inautsa chiyembekezo chachikulu. Maganizo anali akuti mwina makiyi amene thupi limatulutsa pa nthawi ya sitiroko amawonjezera vuto, choncho kuwatsekereza kungathandize.

Atayesa pa odwala ochulukirapo m'zaka zotsatira, phindu lokhalitsa silinaoneke. Anayesanso mankhwala ofanana nawo otchedwa nalmefene, pa odwala oposa 300 amene anawapatsa pasanathe maola 6 chiyambireni sitiroko. Zotsatira zinatuluka mu 2000. Patatha miyezi itatu, amene analandira nalmefene sanasiyane ndi amene analandira jakisoni wopanda mankhwala. Phunziro lake ndi lalikulu: odwala awiri kupeza bwino si umboni, chifukwa ena amayamba kuchira okha ngakhale asanalandire kanthu.

Ulendo wachiwiri: zimene nyama zinaphunzitsa

Maganizo otsekula timaloko, makamaka ta delta, anachokera kwa nyama zopirira modabwitsa. Ku North America kuli agologolo okhala m'mauna amene amagona miyezi yonse yozizira. Thupi lawo limazizira, mtima umagunda pang'onopang'ono, magazi opita kuubongo amachepa kufika pamene munthu akanafa, koma nyengo ikasintha amadzuka ali bwinobwino. Mu 1988 Peter Oeltgen wa ku yunivesite ya Kentucky ndi anzake analengeza kuti mankhwala otsekula loko wa delta, otchedwa DADLE, anagonetsa agologolowa tulo totere m'nyengo yotentha, nthawi imene sagona.

Kulinso akamba a m'madzi amene amatha kukhala nthawi yaitali pansi pa madzi oundana opanda mpweya, ubongo wawo osawonongeka. Ubongo wa khoswe kapena wa munthu sungapirire ngakhale mphindi khumi. Mu 2001 Ying Xia ndi Gabriel Haddad a ku yunivesite ya Yale anayerekeza ubongo wa kamba ndi wa khoswe, ndipo anapeza kuti wa kamba uli ndi timaloko ta delta tochuluka kwambiri.

Kuchokera pamenepo kafukufuku wambiri wachitika pa maselo osungidwa m'mbale za mu labotale, pa makoswe ndi pa mbewa. Zimene zakhala zikuoneka n'zakuti loko wa delta akatsekulidwa, selo losowa mpweya silitaya potassium msanga ndipo sililowetsa sodium wambiri, glutamate sawononga kwambiri, ndipo m'kati mwa selo mumadzuka njira zodzitetezera. Makoswe amene anawatseka mtsempha dala n'kuwapatsa mankhwala otere, kawirikawiri bala la muubongo linali laling'ono kusiyana ndi la anzawo.

Mankhwala otsekula loko wa kappa nawonso anachepetsa bala ndi kutupa kwa ubongo pa makoswe. Koma kafukufuku wina wa ku Johns Hopkins wa mu 2005 anapeza kuti amodzi mwa iwo anateteza makoswe aamuna okha, aakazi ayi.

Naloxone nayenso anabwereranso, koma polowera khomo lina. Mu 2018 gulu la ku yunivesite ya Helsinki ku Finland, mogwirizana ndi akatswiri a ku America, linadonthezera makoswe naloxone m'mphuno kuyambira tsiku lotsatira sitiroko, kwa sabata imodzi. Makoswewo anachira bwinoko ndipo kutupa kobwera ndi microglia kunachepa. Mtundu wina wa naloxone umene anagwiritsa ntchito sulowa n'komwe m'timaloko ta opioid, kusonyeza kuti phindulo linadzera njira yochepetsa kutupa.

Wina angadabwe kuti zitheka bwanji kuti kutseka kuthandize, kutsekulanso kuthandize. Yankho lili pa kusiyana kwa timaloko. Naloxone wamba amatseka tonse titatu, pamene DADLE amakonda delta. Nthawi yoperekera mankhwala nayonso imasintha zinthu, chifukwa zimene zimapha maselo pa ola loyamba si zimene zimawapha pa tsiku lachitatu.

N'chifukwa chiyani sali m'zipatala

Mpaka lero palibe mankhwala ogwira pa timaloko ta opioid amene avomerezedwa kuti amateteza ubongo wa munthu wodwala sitiroko, kaya ku Lichinga, ku Maputo, ku Lisboa kapena ku London.

Chifukwa choyamba n'chakuti khoswe wa mu labotale si agogo athu. Amakhala wamng'ono, wathanzi, wopanda BP kapena shuga, ndipo nthawi zambiri amalandira mankhwala sitiroko isanayambe kapena itangoyamba. Munthu amafika kuchipatala patapita maola, mwina masiku, ali ndi matenda ena. Chachiwiri, ubongo uli ndi mpanda umene umasefa zinthu zochokera m'magazi, ndipo mankhwala ngati DADLE savutika pang'ono kuudutsa. Chachitatu, mankhwala ena otsekula delta anachititsa nyama kukomoka ngati za khunyu, ndipo a kappa amasokoneza maganizo.

Vutoli si la mankhwala a opioid okha. Mu 2006 gulu la akatswiri a ku Australia linawerenga njira 1,026 zimene zinayesedwa pofuna kuchiza sitiroko. Mwa zimenezi, 114 zokha ndi zimene zinafika poyesedwa pa anthu. Mankhwala otchedwa NXY-059 anaoneka bwino pa makoswe ndi pa anyani, koma atayesedwa pa odwala oposa 3,000 zotsatira za mu 2007 zinaonetsa kuti sathandiza. Ku Los Angeles anayesa kupereka magnesium mu ambulansi momwemo kwa odwala 1,700, ndipo mu 2015 zinadziwika kuti nayonso siinasinthe kanthu.

Nanga akatswiri akulimbikirabe bwanji? Chifukwa mankhwala amene amagwiradi ntchito ali ndi malire ovuta. Alteplase, amene amasungunula magazi oundana, anavomerezedwa ku America mu 1996 ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Koma ayenera kuperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, ndiponso wodwala atajambulidwa kaye, chifukwa kwa munthu amene mtsempha waphulika mankhwalawa angamuphe. Njira ina, yokoka magazi oundanawo ndi kawaya kolowetsa mumtsempha, inatsimikizika mu 2015 koma imafuna akatswiri ndi makina odula kwambiri. Mankhwala oteteza maselo atapezeka, n'kukhala osaopsa pa mitundu yonse iwiri ya sitiroko, namwino wa pa centro de saúde akanatha kuwapereka wodwala asanakwere ambulansi. Amene akanapindula kwambiri ndi anthu okhala kutali ndi zipatala zazikulu, monga a ku Ngauma, Mandimba ndi midzi yozungulira Cuamba.

Chenjezo: tramadol ndi anzake si mankhwala a sitiroko

Apa tiyenera kumvana bwino. Morphine, tramadol, codeine ndi pethidine amagwira kwambiri pa loko wa mu, osati wa delta. Sateteza ubongo. Kwa munthu amene wangogwidwa ndi sitiroko angathe kuwonjezera ngozi. Amachepetsa kupuma, choncho okosijeni amachepa m'magazi pamene ubongo ukumufuna kwambiri, ndipo mpweya woipa ukachuluka m'magazi ubongo wotupa umapanikizika koposa. Amagonetsa wodwala, moti namwino sangadziwe ngati kugonako ndi mankhwala kapena matenda akukula. Amachititsa kusanza, ndipo wodwala amene sakumeza bwino masanzi angamulowe m'mapapo. Tramadol payekha amathanso kuchititsa munthu kukomoka.

Mapiritsi ogulidwa pamsika kapena kwa anthu oyenda nawo m'zikwama, kaya mbali ino kaya ku Chiponde, sadziwika mphamvu yake yeniyeni. Musawapereke kwa wodwala sitiroko. Ngati pambuyo pake phewa kapena mkono wofooka ukupweteka, kafunseni kuchipatala, chifukwa nthawi zambiri chofunika ndi kusamalira mkonowo bwino, mafizo ndi mankhwala ofatsa monga paracetamol.

Izi sizikutanthauza kuti morphine ndi woipa. Ndi mankhwala ofunika kwambiri kwa odwala khansa, ovulala kwambiri ndi ochitidwa opaleshoni, ndipo dokotala akawalembera m'bale wanu palibe chifukwa chowakanira. Nkhani ndi yakuti mankhwala alionse ali ndi ntchito yake.

Mmene vutoli lilili kwathu

Kafukufuku wodziwika bwino wa sitiroko mu Mozambique anamutsogolera Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Universidade Eduardo Mondlane. Kuyambira Ogasiti 2005 mpaka Julayi 2006, gulu lake linalemba anthu 651 a mumzinda wa Maputo amene anagonekedwa m'chipatala ndi sitiroko. Pafupifupi 4 mwa 10 alionse inali sitiroko yophulika mtsempha, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi maiko a ku Ulaya. Pafupifupi theka la odwalawo anamwalira pasanathe masiku 28. Kumeneko ndi ku likulu la dziko, kumene chipatala chili pafupi.

Gwero lalikulu ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ena amati BP ena tensão alta. Kalembera wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2005 anapeza kuti anthu 33 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vutoli. Pa kalembera wa mu 2014 ndi 2015 chiwerengerocho chinafika pafupifupi 39 pa 100. Pa makalembera onse awiri, odziwa kuti ali nalo anali pafupifupi 15 okha pa 100 alionse odwala. Kutanthauza kuti pa anthu 7 amene magazi awo akuthamanga, 6 akulima, kugulitsa ndi kuyenda osadziwa kanthu.

Kutsidya, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapezanso kuti BP ndiye gwero loyamba, ndipo HIV ndi lachiwiri, koma kwa anthu osapyola zaka 45 HIV ndiye inali patsogolo. Ngozi inali yaikulu kwa amene chitetezo chawo chinatsika kwambiri. Apa phunziro ndi loyezetsa msanga, kuyamba ma ARV thupi lisanafooke, ndi kusadukiza.

Zizindikiro ndi zoyenera kuchita

Sitiroko imabwera mwadzidzidzi. Muuzeni munthuyo amwetulire, muone ngati pakamwa papotokera mbali imodzi. Muuzeni akweze manja onse awiri, muone ngati wina ukugwa. Muuzeni atchule dzina lake ndi la mudzi wake, mumve ngati lilime likulemera kapena mawu akusokonekera. Chimodzi chokha mwa zitatuzi n'chokwanira kunyamuka. Zina ndi kusiya kuona mwadzidzidzi, kudzandira ngati woledzera asanamwe, ndi mutu woopsa umene sanaumvepo.

Onani nthawi imene zayamba, kapena nthawi imene munamuona komaliza ali bwino, ndipo mukainene kuchipatala. Mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke. Musamupatse madzi, phala, tiyi kapena mankhwala alionse akumwa, chifukwa odwala ambiri amalephera kumeza masiku oyamba ndipo chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Musamupatse aspirin. Aspirin amathandiza pa sitiroko yotseka mtsempha, koma pa yophulika amawonjezera kutaya magazi, ndipo taona kuti kwathu kuno yophulikayo ndi yochuluka. Musamumwetse mapiritsi a BP ochuluka kuti mutsitse magazi msanga. Zimenezo asankhe ndi a chipatala.

Pitani ku chipatala chapafupi ngakhale mukudziwa kuti kulibe makina ojambulira. Shuga akatsika kwambiri m'thupi, kapena malungo akafika kuubongo, zizindikiro zimatha kufanana ndi za sitiroko, ndipo zonse ziwiri amaziyeza pa mphindi zochepa ndi kuzichiza pomwepo. Achipatala ndi amene angakonzenso zotumiza wodwala ku Lichinga kapena ku Cuamba. Ngati zizindikiro zabwera n'kutha zokha patapita mphindi zingapo, pitanibe tsiku lomwelo. Limenelo ndi chenjezo, ndipo sitiroko yaikulu imakonda kutsatira pa masiku ochepa oyamba.

Chifukwa matendawa amagwetsa munthu amene anali bwinobwino, mabanja ambiri amayamba aganiza za anthu oipa, n'kuyamba kwa asing'anga kapena kudikira kuti abale asonkhane agwirizane. Pemphero ndi upo wa banja zili ndi malo ake, koma zingachitike wodwala ali kale pabedi la chipatala. Usiku umodzi wodikira ndi umene umaumitsa mbewu za m'mphepete zija. Ndi bwino mudzi uliwonse, mothandizana ndi mafumu ndi a APE, udziwiretu mwini njinga yamoto kapena galimoto amene angadzutsidwe usiku, makamaka m'dzinja pamene misewu ya kumidzi imavuta.

Zoteteza ubongo zimene zilipo kale

Chodabwitsa n'chakuti zinthu zimene zatsimikizika kuti zimapulumutsa maselo a ubongo n'zosadula. Ku Australia, namwino Sandy Middleton anatsogolera kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2011. M'zipatala zina anamwino anaphunzitsidwa kuchita zinthu zitatu mosaphonya: kutsitsa kutentha kwa thupi, kuyang'anira shuga, ndi kuyesa kumeza asanapatse wodwala chakudya. Patatha masiku 90, omwalira kapena osatha kudzisamalira anali 42 pa 100 m'zipatala zimenezo, pamene m'zipatala zinazo anali 58 pa 100. Palibe mankhwala oteteza maselo amene anafikapo pamenepo.

Wodwala akabwerera kunyumba ntchito imakhala ya banja. Mutembenuzeni pafupipafupi, maola awiri kapena atatu alionse, kuti asatuluke zilonda. Mukhazikeni tsonga pomudyetsa, ndipo chakudya chikhale chofewa. Pomudzutsa musakoke mkono wofooka. Muthandizeni kukhala, kuimirira ndi kuyenda tsiku ndi tsiku monga a mafizo akuonetserani, ndipo muzicheza naye ngakhale akuvutika kuyankha. Ubongo umaphunzira njira zatsopano, makamaka pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyamba.

Koma chachikulu koposa ndi kupewa. BP sipweteka, ndipo njira yokhayo yoidziwira ndi kuyezetsa. Makina akamaonetsa 140 pa 90 kapena kuposa pamenepo pa masiku osiyanasiyana, ndiye kuti vuto lilipo. Mankhwala ake, monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril, ndi akale ndiponso odziwika bwino. Amamwedwa tsiku lililonse, osati pokhapokha mutu ukapweteka, ndipo munthu akapeza bwino si chifukwa chosiyira. Amene mumapita kukakhala kumunda nyengo yokolola, kapena kuoloka malire kwa masabata angapo, tengani okwanira ndipo muyende ndi khadi lanu la kuchipatala.

OMS imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza, kuwerengera ndi mchere umene uli kale mu nsomba zouma zothira mchere, mu kaludo ndi mu buledi. Ngati mwathira kaludo mu ndiwo, mchere wina usapitenso. Fodya wosuta, kaya wa m'paketi kaya chingambwe chopichira nokha, amawononga mitsempha. Kachasu ndi mowa wambiri zimakweza BP. Amayi amene magazi anawathamanga ali oyembekezera apitirize kuyezetsa ngakhale atachira.

Pa 29 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a sitiroko, ndipo kafukufuku wa timaloko ta delta ndi kappa akupitirira m'mayunivesite. Mwina tsiku lina adzabala jakisoni woti namwino wa ku Massangulo adzathe kubaya wodwala asanamutumize. Koma akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zimene zili m'manja mwathu lero ndi makina oyezera BP a pa centro de saúde, mchere wochepa mumphika, ndi kunyamuka nthawi yomweyo pakamwa pa munthu pakapotoka. Ngati mwapyola zaka 30 ndipo chaka chino simunayezetse, pitani sabata ino, ndipo mutenge amayi kapena abambo anu.